Dothi Lofiira M'chipilala cha Pamphambano

Amayi anandiimbira foni ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Iwo saimba nthawi ya sukulu pokhapokha kukagwa maliro, choncho ndinatuluka panja mtima uli m'mwamba.

"Palibe wamwalira," anatero ndisanafunse n'komwe. "Koma abambo ako sakudya. Amva zoti anthu a msewu alemba chizindikiro chofiira pa chipilala chija. Akuti achigumula."

"Ndiye asiye kudya chifukwa cha chipilala?"

"Iwe usadzipusitse, ukudziwa chimene chili m'menemo. Akuti ubwere uwaperekeze asanachigwetse."

Ndinkadziwadi. M'chipilala chimenecho munali agogo anga, bambo awo a abambo. Sindikunena mafupa ayi. Munali dothi la pamanda pawo, lodzaza chitini chimodzi, ndipo padziko lonse lapansi panalibenso malo ena amene abambo akanaloza n'kunena kuti bambo anga ali apa.

Chipilalacho chinali pamphambano pamene msewu wa kuesiteti umasiyana ndi msewu waukulu, tiyi atazungulira mbali zitatu. Chinali cha njerwa, chopaka laimu, chachikulu pansi n'kumawonda chokwera m'mwamba, msinkhu wake ngati anthu awiri atasanjikizana. Kutsogolo kwake kunali chitsulo chonyezimira cholembedwa dzina la mkulu uja anafera ufulu wa dziko lino, amene ana anga a sitandade 3 amamuimba pamtima ngakhale sadziwa kuti thangata chinali chiyani. Anthu odutsa ankadziwa kuti ndi chipilala cha iyeyo basi. Za agogo tinkadziwa anthu atatu: abambo, amayi ndi ine.

Agogo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, kuthawa ntchito yokakamiza ya kumeneko, n'kudzapeza inzake kuno. Anagwetsa mitengo, anazula zitsa, anadzala tiyi. Atamwalira anaikidwa kumanda a antchito ochokera kutali, kumalire kwa munda, popanda chiliza, popanda dzina. Abambo anali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Patangopita zaka zowerengeka munda unakula, mitumbira inasalazidwa, ndipo tiyi anadzalidwa pamwamba pake. Abambo ankadziwabe malowo powerenga mizere kuchokera pa mwala wina waukulu. Kenako mwalawo unaphwanyidwa, tiyi wakale anazulidwa, watsopano anadzalidwa mizere yoyang'ana kwina. Lero mukawaimika m'munda umenewo amangoyang'ana uku ndi uku ngati mlendo.

Koma mwala usanaphwanyidwe, ufulu unali utabwera, ndipo kunamveka lamulo loti pamphambano pamangidwe chipilala. Esiteti inapereka njerwa ndi amisiri ake. Abambo anali wamng'ono mwa amisiriwo. Kwathu munthu akafera kutali mtembo wake osabwera, abale amapita kukatapa dothi la pamanda n'kubwera nalo kumudzi, n'kuliika monga aika munthu. Abambo mudzi analibe. Nyumba ya kukomboni inali ya kampani, ndipo kwa amayi ku Khonjeni, kumene anali atangofunsira kumene, mkamwini wadzulodzulo sakanafika ndi akufa ake m'chitini. Ndiye Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi analowa m'munda muja ngati munthu wofuna kudzithandiza, anawerenga mizere, anakumba ndi chikwanje mpaka mkono wonse unalowa, nadzaza chitini chimene ankanyamulira chakudya. Lolemba m'mawa anathira dothilo mu simenti. Anamangira mzere wachitatu kuchokera pansi, mbali ya kum'mawa, yoyang'ana kumene agogo anachokera.

Simenti ya mzere umenewo inatuluka yofiira. Kapitawo atafunsa, abambo anati mchenga unali wauve, ndipo pulasitala atapakidwa nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lotsegulira ine ndinali ndisanabadwe. Amayi amati kunali fumbi, ng'oma, ana asukulu atandanda padzuwa kuyambira m'mawa, ndi bwana wochokera kuboma amene anachedwa mpaka ana awiri anakomoka. Chimene ndikukumbukira ine ndi zaka za chipani chimodzi. Chaka chilichonse, likamayandikira tsiku lokumbukira amene anafera ufulu, anyamata a chipani ankayenda m'makomboni kutulutsa anthu kuti akalambule pachipilala. Anthu ankapita akung'ung'udza chapansipansi, makasu ali paphewa. Abambo okha ndiwo ankafika anyamatawo asanadzuke, atanyamula ndowa ya laimu ndi burashi yawoyawo. Anthu anayamba kuwaopa. Pamzere wa pasikelo, pamene othyola tiyi amayezetsa madengu awo, nkhani zinkazima abambo akamadutsa. Ankati mmisiri uja ndi khutu la chipani.

Sizinali za laimu zokha. Abambo sankadutsa pamphambano chipewa chili kumutu. Ankatsika njinga, kuvula chipewa, kuzungulira kuseri kwa chipilala, mbali imene kunalibe dzina lililonse, n'kuwomba m'manja katatu pang'onopang'ono. Mvula, dzuwa, kaya achedwa kuntchito, zinali chimodzimodzi.

Ine ndinabadwa ndi kamwa, ndipo manyazi ndimawamva msanga. Ndili fomu 2, zipani zitachuluka kale, aliyense akunyoza zakale mmene angathere, ndinkabwera kusukulu ndi anzanga atatu pamene tinawapeza abambo kuseri kwa chipilala, atawerama, akuwomba m'manja. Mmodzi mwa anzangawo anaseka mpaka anagwira bondo. "Abambo ako sanamve kuti zinthu zinasintha? Akupembedzabe simenti?" Ndinadutsa ngati sindikuwadziwa. Nditafika kunyumba ndinaponya chikwama pakhonde, ndipo iwo atangofika ndinawalankhula mawu amene mwana salankhula kwa bambo ake. Ndinati atichititsa manyazi mokwanira, ndinati munthu amene akumuwombera m'manjayo sanawadziwepo, ndipo sali m'menemo n'komwe.

Amayi anadzuka ndi mthiko. Abambo anawaletsa ndi dzanja. Anakhala pansi, anakoka lichero la nandolo limene amayi ankasenda, nayamba kusenda okha. Anandiuza zonse, za mwala, za mizere, za chitini, maso ali pa nandolo.

"Zoti mkuluyo sali m'menemo ndikudziwa, mwananga," anatero pomaliza. "Aphunzitsi ako omwe amati manda ake sadziwika bwinobwino. Ndiye ndinati awiriwa onse alibe manda, onse anawawidwa ndi thangata yemweyo. Agawane nyumba. Wina kutsogolo, wina kuseri."

Sindinapepese tsiku limenelo. Ndinangokhala pansi n'kuyamba kusenda nawo.

Chipilala chinakalamba ndikuona. Boma litasiya kutuma anthu, udzu unafika m'chiuno. Kampeni iliyonse inkasiya nkhope zake zomata, ina pamwamba pa inzake, ndipo pakati pake pankalowa mapepala a asing'anga obweza mwamuna wothawa ndi a misonkhano ya chitsitsimutso. Chitsulo cha dzina chinazulidwa, panatsala mabowo anayi. Azimayi a nthochi anapeza kuti masitepe ake ndi abwino kuyalapo malonda, a kabaza anapeza mthunzi, ndipo malowo anangotchedwa pa Chipilala, siteji ngati ina iliyonse. Chaka china minibasi inaphonya kona n'kugumula ngodya imodzi, ndipo patapita miyezi anthu ena anabwera kudzamata ndi simenti yotuwa, ntchito imene abambo anaiyang'ana n'kungopukusa mutu. Iwo anali atapuma ntchito, akukhala kwa amayi ku Khonjeni, koma chilimwe chilichonse ankapalasa njinga mtunda wonsewo, ndowa ya laimu ili pakaliyala. Maondo atakana njinga, ntchito yowaperekeza inagwera ine.

Ndiye amayi ataimba, ndinadziwa chimene chikufunika. Madzulo ake ndinaimbanso, ndipo anandiuza zina zimene sindinkayembekeza. Anali atapita kwa alongo awo, eni mbumba, kukapempha malo kumanda a kwathu. Alongo awowo anavomera. Anati mkamwini amene wakalambira pamudzi, wamanga nyumba za theka la mudzi, salinso mlendo, abwere nawo bambo akewo. Abambo anali atanola kale chizulo chawo chogobera njerwa. Ankafuna kukapempha a msewu kuti awalole kuchotsa njerwa za mzere wachitatu, zinayi kapena zisanu, ndi simenti yake yofiira, akaziike m'manda enieni, amange kachiliza, alembepo dzina. Zaka zonsezi dzina la agogo linali lisanalembedwepo paliponse.

Ndinati ndibwera Loweruka.

Loweruka limenelo sindinapite. Tinali pakati pa mayeso, mapepala atadzaza tebulo, ndipo ndinadziuza kuti ndimawadziwa anthu a msewu. Chizindikiro chofiira chimatha kukhala pakhoma mpaka kufufuta, eni nyumba n'kubereka ana awiri, katapila asanaoneke. Ndinaziona ku Masambanjati kuno kumene ndimaphunzitsa. Ndinalankhula zimenezi pafoni mwanzeru zanga zonse, ndipo amayi anangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Akanditcha aphunzitsi ndiye kuti zawanyansa.

Mtima sunandipatse mpata. M'mawa uliwonse ndisanalowe m'kalasi ndinkapita pamsika kukafunsa a kabaza ochokera mbali imeneyo. "Chilipo?" "Chilipo, madamu." Mpaka anazolowera, ankangondiona patali n'kukuwa okha kuti chilipo. Ndinkachonga mapepala, kudzuka, kusesa m'nyumba mosesedwa kale, kukhalanso. Mwana wina ndinamupatsa malikisi a mnzake. Loweruka lachiwiri kunagwa chiperoni, nkhungu yoti suona nthochi ya pakhomo pako, ndipo ndinati munthu wokalamba wa chifuwa sangakwere njinga yamoto m'nyengo yotere. Zinali zoona, koma ndinakondwa kuti ndapeza chifukwa, ndipo kukondwa kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Mkati mwa sabata yachitatu sindinapite pamsika masiku awiri chifukwa cha msonkhano wa makolo. Lachisanu ndinanyamuka titangoweruka, ndinakagona ku Khonjeni.

Kutacha ndinawapeza abambo atakhala kale pakhonde, atavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa chawo. Pamiyendo panali thumba, m'thumbamo hamala, chizulo, ndi chitini. Chinali chomwe chija, chakuda ndi dzimbiri, chivindikiro chomanga ndi waya. Sindinkadziwa kuti anachisunga. Sanandifunse chifukwa chimene ndinachedwera. Anangoti, "Wafika, mwananga. Tiye."

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Ine ndinali kumbuyo, maso ali pamsana pawo, dzanja lawo limodzi litagwira chipewa, lina litakumbatira thumba. Tinadutsa minda ya chinangwa ndi nandolo, kenako tiyi anayamba, wosalala mpaka kumapiri, othyola atabalalika m'menemo ndi madengu kumsana. Ndinkamuuza wa kabaza wanga kuti athamange, kenako kuti achepetse, kenako athamangenso, mpaka anatembenuka n'kundifunsa ngati tikuthawa munthu kapena tikuthamangira munthu.

Titakhota pa mabulugamu omaliza ndinayang'ana pamene nsonga yoyera inkayamba kuonekera. Panali thambo lokha.

Mphambano yonse inali dothi lofiira, lotambalala, losalazidwa. Chigalimoto chotsendera msewu chinkapita ndi kubwera. Azimayi a nthochi anali atasamukira kutsidya, pansi pa maambulera. Abambo anatsika, anaima, anayang'ana kumanzere ndi kumanja monga amachitira m'munda muja.

Kapitawo wa msewu anali bambo wachinyamata wa chisoti chachikasu, waulemu wake ndithu. Atationa tikuyenda pamalo oletsedwa anabwera mofulumira.

"Madala, pano mpoopsa, dutsani uko."

"Chipilala chili kuti?" ndinafunsa ine.

"Tagwetsa Lachinayi, mayi. Koma musadandaule, pulani ilipo, timanga china chapamwamba, cha matailosi, chakuno kumtunda. Chija chinali chitatha kale."

Lachinayi. Ine ndinali m'kalasi ndi makolo, tikukangana za ana obwera mochedwa.

"Nanga njerwa zake?"

"Njerwa?" Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Apa panali polowa, madzi ankaima. Tathira momwemo zonse, tafotsera, makina adutsapo. Zili pansi apa."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinatsikira mu ngalande ya m'mbali mwa msewu ndi nsapato zanga za kuntchito, n'kuyamba kufukula ndi manja ngati nkhuku. Ndinkatukwana chamumtima, kutukwana makina, kutukwana mayeso, kutukwana chiperoni, koma ndinkadziwa woyenera kutukwanidwa. Ndinapeza chibenthu cha njerwa chokwana m'manja awiri, mbali ina laimu, mbali ina simenti. Ndinakwera nacho ndikuthamanga.

"Ababa, onani! Ichi chinagwera mbali ya kum'mawa. N'cha pansi ndithu, onani mmene chadera."

Ndinkanama, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti kum'mawa n'kuti pamalo osalazidwawo. Abambo anachilandira ndi manja awiri. Anachitembenuza, anapala simentiyo ndi chikhadabo, anaipekesa pakati pa zala.

"Iyi ndi ya anyamata aja anamata minibasi itagunda," anatero mofatsa. "Anachulutsa mchenga. Yanga inali yofiira, mwananga."

Anachiika pansi bwinobwino, ngati chinthu cha mwini wake. Pamenepo ndinalira, kulira kokweza, pamaso pa a kabaza ndi azimayi a nthochi. Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna anene kuti masabata atatu, iwe, masabata atatu. Akanandimenya ndi chizulo chomwecho ndikanapepukidwa. Iwo anatembenukira kwa kapitawo.

"Bwana, ndionetseni penipeni pamene mwathira."

Kapitawo anayang'ana ine, anayang'ana iwo. Kenako anayenda masitepe angapo kulowa pakati pa msewu, naponda ndi jombo. Abambo anamutsatira. Anavula chipewa, anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, thalauza la kutchalitchi lili m'dothi. Anawomba m'manja katatu nayamba kulankhula m'Chilomwe, chimene ine ndimangotolapo mawu apa ndi apo. Ndinamva dzina la agogo, ndinamva dzina la amayi, ndinamva langa. Kapitawo anakweza dzanja, chigalimoto chija chinaima, ndipo iye anavula chisoti.

Atatha ndinagwada pambali pawo n'kumasula waya wa chitini. Nzeru zinali zitandibwerera.

"Ababa, titape dothi la pompano. Si mmene munachitira poyamba? Malo kumanda atipatsa kale. Titape, tikaike."

Anayang'ana chitinicho nthawi yaitali. Kenako anachitenga m'manja mwanga, anabwezera chivindikiro, namanganso waya.

"Anachoka kwawo wapansi. Anawachotsa m'munda, ine ndinawanyamula. Lero awagwetsa. Asamukenso kachitatu? Atopa, mwananga. Asiye agone."

Chitini chinabwerera ku Khonjeni chopanda kanthu. Malo amene alongo awo a amayi anapereka alipobe, amera udzu, ndipo abambo amati adzagonapo okha. Za masabata atatu aja sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi. Amayi ndiwo anatchula, kamodzi, tikutsuka mbale.

Chipilala chatsopano anamangadi, chakumtunda, cha matailosi akuda onyezimira, mpanda wachitsulo, ndi dzina la mkulu uja m'zilembo zikuluzikulu. N'chokongola, sindinganame. Alendo amaima kujambulitsa. Msewu nawo unathiridwa phula, ndipo magalimoto amathamanga pamphambanopo ngati akuthawa moto.

Chilimwe chathachi abambo anati ndiwaperekeze. Sindinanene za mayeso. Titatsika pasiteji anadutsa chipilala chatsopanocho chipewa chili kumutu, osachiyang'ana n'komwe. Anaima m'mbali mwa phula, anayeza ndi maso kuchokera pa bulugamu wina, nayamba kulowa mumsewu ndi ndodo yawo. Kumtunda kunkatsika lole ya tiyi, yodzaza mpaka pamwamba.

Ndinathamanga n'kukaima pakati pa msewu, kutsogolo kwawo, dzanja lili m'mwamba. Mabuleki analira. Hutala inalira mpaka azimayi a nthochi anaimirira. Kumbuyo kwanga ndinamva ndodo ikugwa pa phula, kenako kuwomba m'manja koyamba. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo, maso ali psu.

"Mayi inu, mwapenga? Mukufuna kufa?"

Ine wa kamwa uja mawu anandithera. Ndinangoti, "Pepani, achimwene. Tili pamanda."

Anayang'ana ine, anayang'ana nkhalamba yogwada kumbuyo kwanga, chipewa chili pansi. Anabweza mutu m'kati, nazimitsa injini.